Kodi Fodya Angasokoneze Mutu?

Anzanga a m'migodi, zakuti fodya aononga cifuwa muzidziwa kale. Sabata ino ndifuna kukamba za mlandu wina umene adotolo akhala nao zaka zambiri: kodi fodya angadzetse nthenda za maganizo, monga misala, nkhawa yosatha ndi cisoni cosacoka mumtima?

Kupita ku cipatala ca amisala ndi kuwerenga osuta sikuthandiza. Osuta mudzawapeza ambiri ndithu, koma ndani adziwa cimene cinayamba? Kapena munthuyo anathawira ku fodya mutu utayamba kale kumbvuta, monga acitira mnzathu pa komponi akalandira kalata yoipa yocokera kwao.

Cifukwa cace ofufuza ayamba ndi anthu amoyo bwino, nawatsata zaka. Ku Netherlands m'caka ca 1996 anafunsa anthu 7,076 za fodya ndi za maganizo ao, nabweranso kwa iwo omwewo mu 1997 ndi 1999. Anawerenga okha amene nthenda inawagwira koyamba. Osuta anaposa osasuta pa nthenda zina za nkhawa ndi cisoni.

Njira imene ine ndiikonda ndi ya asilikari, pakuti ifanana ndi zimene mudziwa inu: dotolo ayamba wakupimani ndi kulemba m'buku musanalowe nchito. Ku Sweden analemba zotere za anyamata pafupifupi 50,000 mu 1969 ndi 1970, ndipo patapita zaka ofufuza anayang'ana amene anagonekedwa ndi misala. Mu 2003 anati osuta anadwala pang'ono kusiyana ndi anzao. Caka cotsatira a ku Israel, atatsata anyamata oposa 14,000, anapeza kuti osuta ndiwo anadwala kwambiri. Taonani, njira imodzi, mayankho awiri!

Bvuto ndi lakuti fodya sayenda yekha. Wosuta kawirikawiri ndiye wakumwanso mowa, wina asutanso camba, wina ngwosauka, wina nthendayo iri m'mtundu mwao. Wofufuza ayenera kupatula zonsezi ndi masamu, ndipo akaiwala cimodzi, mlandu ugwera fodya mwina wosalakwa.

Za m'mtundu anaziyesa ku Sweden komweko mu 2015. Analinganiza abale a bere limodzi, wina wosuta wina ai. Kusiyana kunacepa, kusonyeza kuti cibadwa ciri ndi mbali yace, koma sikunathe: mbale wosutayo ndiye anagwidwabe misala kawirikawiri koposa mnzace.