Basi yaikulu kapena minibasi? Masamu amene amachitika pa depoti

Ndili Folomu 2, tsiku lobwerera kusukulu ku Zomba, ndinafika pa depoti ya ku Limbe cha m'ma 1 koloko masana. Panali minibasi zingapo ndi basi imodzi yaikulu yomwe mtengo wake unali wotsikirako. Ndinaganiza zopulumutsa ndalama yogulira sopo, ndiye ndinakwera yaikuluyo. Dalaivala ankangoliza injini ngati tikunyamuka pompo. Minibasi yoyamba inadzaza n'kupita. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi, ine ndili pawindo, chikwama pamiyendo. Tinanyamuka 4 koloko itadutsa, ndipo ndinakafika kuhositelo anzanga atatenga kale mabedi abwino onse.

Tsiku limenelo ndinakwiyira kondakitala. Panopa ndimadziwa kuti cholakwika chinali masamu: basi ija inali yaikulu kuposa anthu amene analipo pa nthawi imeneyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto zambiri zonyamula anthu kwathu kuno sizinyamuka mpaka zitadzaza. Choncho nthawi yodikira timaipeza pogawa chiwerengero cha mipando ndi chiwerengero cha anthu amene akubwera pa ola limodzi. Tiyerekeze kuti pa siteji pakufika anthu 20 pa ola. Sienta yonyamula anthu 6 idzaza pa mphindi 18. Minibasi ya anthu 15 itenga mphindi 45. Basi ya mipando 65 idikira maola atatu ndi mphindi 15. Pamene ulendo wa Limbe kukafika ku Zomba ndi wa makilomita pafupifupi 60 basi, ola limodzi ndi kanthu. Ndani angalole kudikira maola atatu pa ulendo wa ola limodzi? Kupatula ine wa Folomu 2 uja, ochepa ndithu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bwanji osangothetsa mabasi akuluakulu, paliponse pakhale minibasi? Apa ndiye pakubwera nkhani ya mafuta. Basi yaikulu ndi yolemera, komanso kumaso kwake n'kotambalala, motero imalimbana ndi mphepo yambiri ikamathamanga. Imamwa dizilo wambiri, inde. Koma funso lenileni ndi lakuti mafutawo akugawidwa kwa anthu angati.

Titenge msewu wa M1 kuchoka ku Blantyre kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 300. Kuti masamu aphweke, tinene kuti basi yaikulu imamwa malita 30 pa makilomita 100 aliwonse, ndipo minibasi imamwa malita 10. Pa makilomita 300, basi yaikulu yatha malita 90. Itanyamula anthu 65, aliyense wagwiritsa ntchito malita osakwana 1.5. Minibasi yatha malita 30, omwe tikagawa kwa anthu 15 akukwana malita 2 munthu mmodzi. Ndipo kuti anthu 65 aja apite pa minibasi, pafunika minibasi zisanu, madalaivala asanu, makondakitala asanu, matayala ambiri akutha, ndi malita 150 a mafuta. Mwaona? Pa ulendo wautali wa anthu ambiri, basi yaikulu ndiyo yotchipa.

Koma basi yomweyo itanyamuka ndi anthu 15 okha, malita 90 aja akugwera anthu 15, aliyense malita 6. Mwini basi waluza. Akatswiri a zamtengatenga amayang'ana kwambiri gawo la mipando yomwe yakhalidwa poyerekeza ndi mipando yonse, ndipo amalitchula kuti load factor. Anthu 15 pa mipando 65 ndi 23 peresenti yokha. N'chifukwa chake dalaivala uja sankanyamuka ngakhale tinkadandaula. Pakati pa ziwirizi pali basi zapakatikati ngati Toyota Coaster, za mipando yosakwana 30, zoyenera msewu womwe anthu ake achulukira minibasi koma sangadzaze basi yaikulu msanga.

Chinanso, anthu sayenda mofanana nthawi zonse. M'mawa ndi madzulo masiteji a m'tauni amadzaza ndi opita ndi obwera kuntchito, koma cha m'ma 11 koloko anyamata oitanira amakuwa mpaka kusasa mawu. Tsiku lotsegulira sukulu, tsiku la msika, kapena sabata ya Khirisimasi, chiwerengero chimakwera kwambiri. Kampani yanzeru imawerenga matikiti a tsiku ndi tsiku kuti idziwe ola lotumiza basi yaikulu ndi ola lotumiza yaing'ono. Makampani ena a pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amaika nthawi yonyamukira n'kugulitsiratu matikiti. Potero anthu amene akanabwera mmodzimmodzi tsiku lonse amasonkhana pa ola limodzi, basi n'kudzaza popanda kudikira.

Msewu nawo uli ndi mawu ake. Basi yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo satsata pomwe adutsa akutsogolo, amadulira mkati mwa kona. Basi ikatalika, imafunanso malo aakulu okhotera. Msewu wa Gorodi, wokwera kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20 m'mbali mwa phiri. Kumeneko ngakhale anthu atachuluka bwanji, basi ya mipando 65 si yake. Chimodzimodzi misewu yafumbi ya kumudzi nthawi ya dzinja imafuna galimoto yokwera m'mwamba, yosagunda pansi.

Tsopano mbali yoopsa. Galimoto ikachepa kuposa anthu, mayesero amakhala othithikiza. Mwamvapo kondakitala akuti, "Sunthani pang'ono mayi, anayianayi pamenepo," pa mpando wa anthu atatu. Kumbukirani za mu Physics: mphamvu ya chinthu choyenda ndi ½mv². Anthu asanu owonjezera, aliyense wolemera makilogalamu 60, ndi makilogalamu 300, osawerengera matumba a chimanga. Mphamvu yonseyo mabuleki amayenera kuisandutsa kutentha kuti galimoto iime. Pa chitsetse chachitali ngati cha Chiweta, mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira bwino. Katundu wolemera akaikidwa pamwamba, galimoto imalemera kumwamba ndipo sichedwa kugubuduzika pa kona. Choncho kusankha kukula kwa basi kumakhudza moyo wa amene akwera.

Ndikupatseni ntchito ya Loweruka. Pitani pa siteji yapafupi ndi kwanu ndi kope ndi wotchi. Werengani anthu amene akukwera kulowera mbali imodzi kuyambira 7 mpaka 8 koloko m'mawa, kenaka mubwereze kuyambira 11 mpaka 12 koloko. Funsani kondakitala mwaulemu kuti galimoto yake ili ndi mipando ingati, mugawe monga tachitira pamwambapa. Mukapeza mphindi zodikira pa maola awiriwo, yankhani nokha: mukanakhala mwini kampani, mukanatumiza galimoto yanji pa ola lililonse?