Nyenyezi ya nyutroni ikaleka kumeza mpweya

Nyenyezi yaikulu ikatha mafuta n'kuphulika, pakati pake pamatsala chibulumwa chotchedwa nyenyezi ya nyutroni. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 20 okha, koma imalemera kuposa dzuwa. Ikakhala ndi nyenyezi inzake pafupi, imakoka mpweya wa inzakeyo, ndipo mpweyawo ukamagwera pamwamba pake umatentha kwambiri n'kutulutsa kuwala kwa X-ray.

Kumezako sikuchitika nthawi zonse. Kukaleka, kuwala kumazirala, ndipo apa m'pamene asayansi amaphunzira zambiri. Kulemera kwa mpweya wogwawo kumapanikiza chikhungwa cha nyenyeziyo mpaka kutenthetsa mkati mwake. Kenako chimazizira pang'onopang'ono ngati nkhali yophulidwa pamoto, ndipo liwiro la kuzizirako limaulula mmene mkatimo mulili.

Chitsanzo chabwino ndi KS 1731-260, yomwe inapezeka mu 1989. Inameza mpweya zaka zoposa 12, n'kukhala chete mu 2001. Makina a Chandra ndi XMM-Newton, omwe anatumizidwa mumlengalenga mu 1999, anaiyang'anira kwa zaka zambiri ndipo anaona kuti ikuzizira msanga. Izi zinasonyeza kuti chikhungwa chake chimadutsitsa kutentha mosavuta, chifukwa tinthu take tinayalana mwadongosolo.

Mpweya wa dziko lathu umatchinga X-ray, n'chifukwa chake makinawa amakhala kumwambako. Ku Katete, Sinda ndi Vubwi, dera la Mlalang'amba komwe kuli nyenyeziyi limadutsa chapamutu usiku wa mu Juni ndi Julayi, koma yokhayo siioneka ndi maso.