Analira atasankhidwira za mbiri yakale, lero satseka pakamwa

Mwana wa mlongo wanga analira tsiku lomwe mayina a opita ku yunivesite anatuluka. Dzina lake linalipo ndithu, ku Chanco ku Zomba pa maphunziro a mbiri yakale, koma mtima wake unali pa zowerengera ndalama ndi ntchito ya ku banki. "Amalume, mbiri yakale idzandidyetsa chiyani?" Anali mtsikana wamanyazi, woyankha mawu amodzi maso ali pansi. Kuwerenga kwa iye kunali kuloweza manotsi, kulemba mayeso, n'kuiwala.

Mukamuona lero mungalumbire kuti ndi munthu wina!

Zinayamba ndi buku limodzi m'laibulale, la Megan Vaughan, lotchedwa The Story of an African Famine, lomwe linatuluka mu 1987. Limafotokoza za njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri m'boma la Blantyre mvula itadula chimanga chisanache. Mtsikanayu anadzidzimuka kuona kuti m'buku la kuyunivesite mukukambidwa midzi ya kwathu, ndipo ena mwa maumboni ake ndi nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo. Atayamba kafukufuku wake wa chaka chomaliza anakavundukula mafayilo a atsamunda ku National Archives, konko ku Zomba. Anapezamo nkhani za matumba a chimanga ndi malipoti a mabwanamkubwa, koma anandiuza kuti mawu a amayi amene ankagona ndi njalayo sanawamvemo. Ndiye ananyamula foni n'kubwera kumudzi, kufupi ndi Lunzu, kwa agogo ake, omwe ndi mayi anga.

Ndinaliko, ndipo ndikakumbukira ndimasekabe. Agogo anali pamphasa akutong'ola chimanga, ndipo anakana m'maso muli gwa. "Za kusukuluzo ine ndizidziwa bwanji, iwe?" Mdzukulu sanakakamize. Anasiya foni pachitsa, anathira chimanga mumtondo, n'kugwira munsi. Kusinja kwake kunali kwa mwana wa m'tauni, chimanga chikungouluka uku ndi uku, nkhuku zili pachikondwerero. Agogo anaseka mpaka misozi, anadzuka ndi ndodo yawo kuti amuonetse kagwiridwe ka munsi, ndipo nyimbo inangotuluka yokha. Pofika madzulo anali atatumiza mwana kukaitana anzawo awiri achikulire. Atatuwo anaimba, anatsutsana za zaka, anafotokoza momwe ankadyera madeya ndi mizu ya kutchire. Anasimbanso za amuna achikamwini amene ankati akupita kukasuma chakudya n'kupitiratu, kusiya akazi ndi ana. Tsiku lomwelo banja lonse linamva koyamba kuti bambo awo a agogo anali mmodzi wa opitiratuwo. Nkhani imeneyi inakhala m'mtima mwawo kuyambira ali kamtsikana, ndipo anaitulutsa ndi mafunso a mdzukulu.

Mafunsowo ndi amene amandisangalatsa kwambiri. Mtsikanayu anaphunzira kufunsa osaika mawu m'kamwa mwa munthu, kudikira munthu akakhala chete, kupempha chilolezo asanajambule, ndi kuyerekeza zomwe wamva pamphasa ndi zomwe waona m'mafayilo. Usiku ankakhala ndi tochi akulemba liwu ndi liwu, akubwezera foni kambirimbiri pamene agogo anameza mawu. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo amene amati maphunziro a mbiri, zilankhulo ndi zisudzo ndi a anthu osowa kolowera sanaonepo ntchito yotere.

Kamtsikana kamanyazi kaja kanaima pamaso pa aphunzitsi ake n'kuteteza zomwe kanapeza, osanjenjemera. Panopa akabwera kutchuthi sitipuma. Amandiuza za gulu la alembi la pa Chanco lomwe linayamba mu 1970, mmene munadutsa mlakatuli Jack Mapanje. Amatsutsa za pawailesi, amafunsa kuti umboni wake uli kuti. Ngakhale a mfumu anamuitana kuti awathandize kulemba mndandanda wa mafumu a m'mudzi mwathu. Agogo nawo asintha, aliyense wobwera pakhomo amamuuza kuti iwo anaphunzitsapo ku yunivesite.

Makolo anzanga, mwana wanu akasankhidwira maphunziro amenewa, muyimbireni nthungululu. Mupatseni ndalama ya minibasi apite kwa agogo ake akadali moyo, foni ili yodzaza moto.