Ndege yankhondo yokwana m'dzanja

Aliyense amene anakulira ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chinsapo amaidziwa galimoto yawaya. Mwana amatola waya, mphira ndi zitsekerero za mabotolo, n'kupanga lole yokhala ndi chiwongolero chake chomwe. M'maiko monga Britain, Japan ndi Czech Republic, chilakolako chomwechi chofuna kuchepetsa chinthu chachikulu kuti chikwane m'manja chinatenga njira ina. Kumeneko akuluakulu, ena a imvi mbuu, amagula bokosi la tizidutswa ta pulasitiki ndi kukhala masabata angapo akulumikiza, kupenta ndi kumata zizindikiro, kufikira patatuluka ndege yankhondo yofanana ndi yeniyeni ngakhale pa timizere ta malata ake. Ndegeyi siuluka, ndipo mwana saloledwa kuiyandikira. Ntchito yake n'kuoneka ngati yeniyeni basi. Koma dontho limodzi la guluu likagwera polakwika, ntchito ya mwezi wathunthu imalowa m'madzi, pamodzi ndi ndalama zimene munaitanitsira bokosilo kunja.

Titenge chitsanzo cha Hawker Hunter, imodzi mwa ndege zimene okonda lusoli amazitamanda chifukwa cha maonekedwe. Inapangidwa ku Britain motsogozedwa ndi Sydney Camm, katswiri yemwe uja anapanga Hurricane ya pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inauluka koyamba pa 20 July 1951 akuiyendetsa Neville Duke, ndipo mu September 1953 Duke yemweyo anaithamangitsa pa liwiro la makilomita oposa 1,170 pa ola, lomwe panthawiyo linavomerezedwa kukhala mbiri yatsopano ya liwiro la ndege padziko lonse. Zonse pamodzi zinapangidwa ndege 1,972. Mu 1958, pachionetsero cha ku Farnborough, ndege 22 za mtunduwu zinapidiguka mumlengalenga pamodzi zili pamzere wake.

Hunter yeniyeni ndi yotalika pafupifupi mamita 14, ndipo kuchoka kunsonga ya phiko lina kufika kwina ndi mamita 10 ndi pang'ono. Pabokosi pamalembedwa nambala yosonyeza mmene ndegeyo yachepetsedwera. Ikakhala 1:72, ndiye kuti mbali iliyonse yagawidwa ndi 72, kotero mudzapeza ndege ya masentimita 19 m'litali ndi 14 m'mapiko. Nambala yooneka yachilendoyi inachokera kumiyeso ya Angerezi: mafiti asanu ndi limodzi ndi mainchesi 72, choncho munthu wamtali mafiti amenewo amasanduka inchi imodzi. Ya 1:48 imafika masentimita 29. Imadya malo ndi ndalama zambiri, koma imachitira chifundo maso ndi zala. Makampani a Airfix a ku Britain ndi Revell onse ali ndi mabokosi a Hunter.

Mukatsekula bokosi mumapeza tizidutswa tili tolumikizana ku mafelemu a pulasitiki wotchedwa polystyrene, kabuku ka malangizo, ndi pepala la zizindikiro. Kadutswa sikathyoledwa ndi manja ngati nthochi pamkoko. Kamadulidwa ndi kapulayala kakuthwa, pang'ono patali ndi thupi lake, kenako chitsa chotsalacho chimapalidwa ndi kampeni. Musanapake guluu, yesani kaye kugwirizanitsa zidutswazo zili zouma kuti muone pamene zikukanirana.

Guluu wa ntchitoyi ndi wosiyana ndi amene timamatira nsapato kapena mapepala. Iye amasungunula pang'ono nkhope za zidutswa ziwirizo, ndipo akauma zimakhala zasanduka chinthu chimodzi, monga mmene wowotcherera amachitira ndi zitsulo. N'chifukwa chake amafunika wochepa kwambiri. Wamadzimadzi, monga wa kampani ya Tamiya ya ku Japan, amangomukhudzitsa ndi kaburashi pamalumikiziro, iye n'kuyenda yekha mumng'alumo. Chala chikakhala pafupi amachitsatira, ndipo chidindo cha chala chanu chimatsala pamsana pa ndege mpaka kalekale. Komanso sagwira pamwamba pa penti. Pamalo olumikizira payenera kupalidwa kaye.

Ntchito imayambira mkati, mokhala woyendetsa. Mu Hunter mmenemo munali mwakuda, ndi mpando wodziponya wa kampani ya Martin-Baker. Zonsezi zimapentedwa thupi la ndege lisanatsekedwe, popeza pambuyo pake burashi singafikemo. Pali chinthu china chimene ongoyamba kumene amaiwala kawirikawiri: kulemeretsa mphuno. Hunter imaima pa miyendo itatu, umodzi kutsogolo, iwiri pansi pa mapiko. Yeniyeni inali ndi mizinga inayi ya mamilimita 30 chakutsogolo, ndi zida zina zolemera. Ya pulasitiki ndi yopanda kanthu kutsogoloko, ndiye ikangoimikidwa imakhala pansi ndi mchira, mphuno ili m'mwamba ngati bakha womwa madzi. Timibulu ta mtovu, tonga ta asodzi, timamatidwa mumphunomo thupi lisanatsekedwe. Mukakumbukira mutatseka kale, palibe khomo lolowetsera.

Kenako pamabwera gawo losasangalatsa, lomwe ndi limene limasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesera. Thupi la ndege limabwera m'zigawo ziwiri, lamanzere ndi lamanja, ndipo pamene zakumana pamatsala mzere woyenda kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Pandege yeniyeni mzere umenewu palibe, choncho uyenera kufafanizidwa. Ming'alu imatsekedwa ndi phala lapadera, lofanana ndi limene amisiri owongola magalimoto amapaka pa galimoto yophwanyika, ndipo likauma limapalidwa ndi sanipepa wonyowetsa, kuyambira wokhakhala wa 400, kubwera wa 800, kumalizira wa 1,000 kapena kuposa. Kupalaku kumafufutanso timizere tosonyeza malire a malata, kotero mmisiri amatijambulanso ndi singano. Ena amataya masiku atatu pamzere umodziwu. Amene amati penti adzabisa amadzinamiza: penti wopyapyala amaulula chilema chilichonse kuposa mmene chimaonekera pulasitiki ali wosapenta. Ndiye chifukwa chake amayamba apopera penti wotuwa woyambira, wotchedwa primer, amene amagwiritsa penti wotsatira komanso kuonetsa pamene pakufunika kubwereza.

Galasi lophimba woyendetsa lili ndi malamulo akeake. Guluu wosungunula uja amaliononga, ndipo guluu wouma msanga amene amagulitsidwa m'timachubu m'magolosale amatulutsa nthunzi yomwe imalichititsa khungu loyera mkati. Guluu woyera wa akalipentala ndiye woyenera, chifukwa akauma amaonekera ngati madzi. Galasilo limaphimbidwa ndi tepi yapepala yodulidwa bwino, kusiya poyera timafelemu tokha kuti tilandire penti.

Penti alipo wamitundu iwiri yodziwika. Wamafuta, monga wa m'tizitini ta Humbrol, amalimba bwino koma amachedwa kuuma ndipo fungo lake limafuna mazenera otsekula. Wa acrylic amauma msanga ndipo sanunkha kwambiri. Onse amasungunulidwa mpaka atafanana ndi mkaka, chifukwa kupaka katatu mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mokhuthala. Penti wokhuthala amakwirira timizere tonse tija munavutika nato. Ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kopopera ndi mpweya kotchedwa airbrush, koma burashi yofewa m'manja odekha imatulutsanso ndege yabwino pa 1:72. Mitundu yowala imayamba, yakuda imatsatira. Hunter ya asilikali a Britain inali yasiliva kumimba, ndipo pamwamba inali ndi mawanga obiriwira ndi otuwa modera. Malire a mawangawo amapangidwa ndi tepi, yomwe iyenera kuikidwa penti wapansi atauma ndithu, apo ayi pochotsa imanyamuka naye.

Tsopano zizindikiro, zimene pabokosi amazitcha decals. Izi ndi timapepala topyapyala kuposa khungu la anyezi, tosindikizidwa pa pepala lokhala ndi guluu wosungunuka ndi madzi. Chizindikiro chimodzi chimadulidwa, kuviikidwa m'madzi ofunda pang'ono kwa masekondi owerengeka, n'kuikidwa pambali mpaka chitayamba kutsetsereka chokha. Kuchikakamiza n'kuching'amba. Chikatero chimatsetserekera pandege ndi kaburashi konyowa, ndipo madzi otsala amafinyidwa ndi kathonje kuchokera pakati kupita m'mbali.

Mdani wamkulu pano ndi mpweya. Penti wosawala, mukamuona pa makina okulitsa zinthu, ndi wokhakhala ngati msewu wa miyala. Chizindikiro chikagona pamenepo, timpweya timatsekeredwa m'timaenje pansi pake, ndipo kuwala kukagunda, mbali zoonekera za chizindikirocho zimanyezimira ngati siliva. Aliyense amaona msanga kuti nambalayo yangomatidwa, pamene cholinga chinali choti ioneke ngati yolembedwa ndi penti. Mankhwala ake ndi kupopera vanishi wonyezimira ndege yonse zizindikiro zisanaikidwe, kuti pakhale posalala. Palinso timadzi tofewetsa, monga Micro Set ndi Micro Sol ta kampani ya Microscale ya ku America, timene timachititsa chizindikiro kulowa m'timizere ta malata ndi kukumbatira malo opindika. Timadziti tikayamba kugwira ntchito, chizindikirocho chimachita makwinya oopsa, ndipo apa m'pamene ambiri amapupuluma n'kuchikhudza. Chisiyeni. Pakutha kwa maola angapo chimadziwongola chokha. Chikakhudzidwa chili chofewa chimaphwasuka ngati phala, ndipo m'bokosi mulibe china chosinthira.

Kusankha zizindikiro zoti mumate si nkhani ya kukongola kokha. Hunter inauluka ndi mbendera za maiko ambiri: Switzerland inaigwiritsa ntchito mpaka 1994, India inamenya nayo nkhondo ya 1971, ndipo muno mu Africa inali ku Kenya, ku Somalia ndi ku Rhodesia. Dziko la Rhodesia linagula ndege 12 za mtundu wa FGA.9 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pa 23 November 1977 zinali m'gulu la ndege zimene zinaphulitsa misasa ya ZANLA ku Chimoio m'dziko la Mozambique, kumene kunafa anthu ochuluka, kuphatikizapo amayi ndi ana. Ufulu utabwera mu 1980, ndege zomwezo zinalowa m'manja mwa asilikali a Zimbabwe. Kwa mmisiri wa ku Manchester, mawanga obiriwira ndi amtundu wa dothi a ndege zimenezi akhoza kungokhala mtundu wina wosangalatsa kupenta. Kwa munthu wa ku Mutare kapena ku Manica ndi nkhani ina. Sikuti ndegeyi isapangidwe, koma woiika pashelefu m'chipinda chochezera ayenera kudziwa chimene wayika, kuti mlendo akafunsa asasowe chonena.

Zizindikiro zikauma, vanishi wina amazitsekera. Kenako penti wakuda wosungunuka kwambiri amayendetsedwa m'timizere tija kuti tioneke, wotsala n'kupukutidwa motsatira mmene mphepo imayendera pa phiko. Apa ambiri amapyola muyeso, mpaka ndege kuoneka ngati yatuluka m'ng'anjo ya makala, chonsecho ndege zankhondo zimasamalidwa tsiku ndi tsiku. Vanishi womaliza, wosawala kapena wowala pang'ono, amagwirizanitsa zonse. Pamenepo m'pamene tepi ya pagalasi imachotsedwa.

Okonda lusoli ali ndi bungwe lawo, International Plastic Modellers' Society, limene linayamba ku Britain mu 1963, ndipo mwezi wa November uliwonse amakumana ku Telford pachionetsero chachikulu. Oweruza mipikisano yawo sayambira pa kukongola kwa penti. Amayang'ana kaye ngati mapiko ali ofanana msinkhu, ngati matayala onse akugunda pansi, ngati mzere wa pamsana uja wafafanizika, ndiponso ngati pagalasi palibe guluu.

Tizidutswa tosachedwa kuthyoka timaikidwa pomalizira penipeni: matayala, zitseko zake, ndi kachubu koyezera liwiro kamene pa Hunter kamatuluka kunsonga ya phiko lamanzere. Ka pulasitiki sikakhalitsa, kotero ambiri amakachotsa n'kuikapo kawaya kolimba kapena singano yosokera yodulidwa pa muyeso.