Maziko a shedi ya kuseri kwa nyumba: chinyezi tichigonjetse tisanayale njerwa

Ambirife timafuna kashedi kuseri kwa nyumba kosungiramo makoka, injini ya boti, matumba a mpunga ndi usipa wouma. Koma kuno kunyanja shedi zambiri zimayamba kuwonongeka chapansi. Khoma limang'aluka, pansi pamachita thukuta, kenako nsomba ija yachita nkhungu, mpunga wayamba fungo. Vuto silikhala denga ayi, limakhala maziko.

Tiyambe ndi malo

Tonse tinaona mu 2024 momwe nyanja inakwerera mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Choncho tisankhe pamalo pokwererapo, pomwe madzi sanafikepo, kutali ndi chulu komanso mitengo ya mizu italiitali. Tikumbe kadzenje koyesera kozama ngati mita imodzi. Ngati madzi ayamba kutumphuka, pamenepo tisiyepo. Kuyesaku kumanena zoona mvula ikangosiya kumene, pomwe madzi a pansi amakhala ali pamwamba. Kumanga kwenikweni tichite m'chilimwe, tithane nazo mvula ya Novembala isanagwe.

Kuyeza ngodya

Tisadze malowo, tizule zitsa ndi mizu yonse chifukwa ndi zimene zimaitana chiswe. Tinene kuti shedi yathu ndi ya mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Tikhome zikhomo m'ngodya zinayi n'kumanga chingwe. Tsopano tiyeze mopingasa, kuchoka pangodya ina kufika pa inzake yoyang'anana nayo. Pakhale mamita 5 ndendende, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana ndiye kuti shediyo yapendama, ndipo tidzaziona bwino poika malata. Tisunthe zikhomo mpaka miyeso ifanane.

Kukumba

Dothi lakuda la pamwamba lija ndi la kumunda, silinyamula khoma. Tikumbe ngalande yotambalala masentimita 45 mpaka 60, yozama masentimita osachepera 60, kufikira tipeze nthaka yolimba. Pamchenga m'mbali mumagumuka, ndiye tikumbe motambalalako, tiwaze madzi pansi pake n'kutsendera kwambiri. Mchenga wotsenderedwa bwino umanyamula katundu, bola madzi asamaukokolole. Dothi la makande ndiye lovuta: limafufuma nthawi ya dzinja, n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo limang'alula khoma limodzi nalo. Pamakande tizamitse ndithu, ndipo ndi bwino kufunsa mmisiri wodziwa ngati pakufunika zitsulo. Pansi pa ngalande pakhale pa levulo.

Konkire

Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya simenti, ndowa 3 za mchenga ndi ndowa 6 za miyala ya kwale. Ndowa ikhale imodzimodziyo, osati kuyeza ndi maso. Mchenga wabwino ndi wa kumtsinje, wokhakhala. Wa pagombe nthawi zambiri umakhala wosalala kwambiri, wosakanikirana ndi zigoba za nkhono, komanso kuukumba kumathandiza mafunde kudya doko lathu lomwe. Pofuna kuuyesa, tiuthire m'botolo la madzi, tikhutchumule n'kulisiya likhazikike. Matope akaunjikana ambiri pamwamba pa mchengawo, usakeni wina.

Madzi tisachulutse. Konkire yamadzimadzi ngati phala imathirika mosavuta, koma ikauma imakhala yofooka. Tithire yochindikala masentimita 15, tiitsendere kuti mpweya utuluke. Tikatero tiifunditse masaka kapena udzu, tizithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutseka njira ya chinyezi

Apa ndiye pagona nkhani. Pamwamba pa konkire timange ndi njerwa zootcha bwino kapena mabuloko, pogwiritsa ntchito matope a simenti, osati a dothi, mpaka titulukire pamwamba pa nthaka ndi masentimita 30. Pamenepo tiyale pulasitiki yakuda yochindikala m'litali mwa khoma lonse tisanapitirize kumanga. Njerwa imayamwa madzi ngati chingwe cha nyali chimayamwira palafini, ndipo pulasitikiyo ndi imene imadula njira imeneyi.

M'kati tidzaze dothi louma ndi miyala pang'onopang'ono, uku tikutsendera. Tiyalenso pulasitiki pansi ponse, polumikiza tisanjikize bwino, kenako tithire konkire ya masentimita 8 mpaka 10. Kunja tiunjike dothi motsetsereka kuti madzi a padenga azithawa khoma, ndipo tikumbe kangalande kowatsogolera kutali.

Ndalama zikachepa, tichepetse kukula kwa shedi, tisachepetse simenti ya maziko. Denga la udzu tingadzalisinthe ndi malata nsomba zikagwa bwino, koma maziko sitingawabwerere khoma litaima kale. Ndipo ngakhale pansi pakhale pouma chotani, matumba tiwasanje pamatabwa, asagunde khoma.