Kusankha hotela ku Joni: yambani ndi ntchito imene mwapitira

Agogo ambiri a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete amaudziwa mzinda wa Johannesburg ndi dzina limodzi lokha: Joni. Iwo ankapita kumeneko kudzera ku Wenela kukakumba golide, ndipo nkhani ya kogona sinali m'manja mwawo. Eni mgodi ankawaika m'komponi, amuna ambirimbiri m'chipinda chimodzi, ena pamabedi a simenti. Lero adzukulu awo akupitanso ku Joni, koma pa ntchito zina. Mlangizi wa zaumoyo waitanidwa ku msonkhano, wapampando wa kopaletivi ya alimi akukakumana ndi ogula mbewu, amayi a gulu losoka akukasaka nsalu ndi misika. Ena mwa iwo amapatsidwa ndalama zogonera n'kuuzidwa kuti apeze okha hotela yabwino. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poiwala kuti ndalamayo ndi ya gulu ndipo pobwerako adzafunsidwa mmene yayendera.

Ulendo wa nsalu

Tiyerekeze kuti gulu la amayi osoka latuma awiri mwa iwo ku Joni. Nsalu imene akuisaka ili ndi mbiri yaitali. Zitenje zina zimene amayi amagula ku Limbe, ku Chipata kapena ku Lilongwe zimatchedwa Java, ndipo dzinali ndi la chilumba cha ku Indonesia. Kumeneko, m'mizinda ya Yogyakarta, Solo ndi Pekalongan, amisiri amajambula maluwa pansalu ndi phula lotentha, kenaka n'kuiviika mu utoto. Pamene padutsa phula utoto sulowa. Lusoli limatchedwa batik, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Azungu a ku Holland, amene ankalamulira Indonesia, anatengera lusoli m'mafakitale awo m'zaka za m'ma 1800, ndipo nsalu zawo zinapeza msika waukulu mu Africa. Nelson Mandela atacheza ku Indonesia mu 1990 anakopeka ndi malaya a batik, mpaka malaya amaluwamaluwa otere anayamba kutchedwa ndi dzina la mfunda wake, Madiba.

Ku Johannesburg nsalu imapezeka kwambiri m'madera awiri. Loyamba ndi Fashion District, kum'mawa kwa pakati pa mzinda, kumene kuli masitolo a nsalu ndi atelala ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Lachiwiri ndi Oriental Plaza ku Fordsburg, msika wa masitolo mazanamazana umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1970 boma la tsankho litachotsa amalonda achimwenye ku Pageview. Malo onse awiriwa ali pafupi ndi Park Station, pamene amatsikira mabasi ambiri ochokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge.

Mahotela apamwamba ali kwina

Vuto ndi lakuti mahotela odziwika bwino sali kumene kuli nsaluko. Kale hotela yonyaditsa mzindawu inali Carlton, imene inatsegulidwa mu 1972 pakati penipeni pa tauni. Inatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makampani akuluakulu atayamba kusamukira kumpoto, ndipo mu 2000 msika wa masheya wa Johannesburg nawo unasamukira ku Sandton. Mahotela a nyenyezi zisanu anatsata ndalama. Ambiri ali ku Sandton, Rosebank ndi Melrose.

Ena mwa mahotela a kumpotowa ali ndi mbiri yokopa mtima. Saxon, ku Sandhurst, inali nyumba imene Mandela anakhalamo kwa kanthawi atatuluka m'ndende, akukonza buku la mbiri ya moyo wake. Sanctuary Mandela, ku Houghton, ndi nyumba imene iye anakhalamo m'zaka za m'ma 1990, ndipo inayamba kulandira alendo mu 2021. Mbiri yotereyi imalowa mu mtengo wa chipinda. Amayi awiri aja akagona kumpotoko, tsiku lililonse adzalipira ulendo wopita ndi wobwera ku tauni, atanyamula mitolo ya nsalu.

Chimene chinapepukitsa ulendowu ndi sitima ya Gautrain. Inayamba kuyenda mu June 2010 pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi Sandton, ulendo wa mphindi pafupifupi 15, ndipo mu 2012 inafika ku Park Station kudzera ku Rosebank. Choncho amene ntchito yake ili ku tauni, koma akuopa kuyenda usiku m'misewu ya kumeneko, angachite bwino kuyang'ana hotela yoyandikana ndi siteshoni ya Rosebank kapena malo ogona a ku Braamfontein. Amene msonkhano wake uli ku Sandton Convention Centre agone poti angafike wapansi. Mtunda umene munthu sanauganizire umadya ndalama mwakachetechete kuposa chakudya.

Nyenyezi zimanena chiyani?

Ku South Africa nyenyezi za mahotela zimaperekedwa ndi bungwe la Tourism Grading Council of South Africa, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Hotela imapempha yokha kuti iyesedwe, ndipo imene yayesedwa imaika chikwangwani cha bungweli pakhomo. Nyenyezi zongolembedwa pa intaneti popanda chikwangwanichi ndi zodzipatsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za dziwe losambira siziuza munthu ngati m'chipinda muli madzi.

Nyenyezi zimanena za kukula kwa chipinda, zipangizo ndi chisamaliro. Mafunso ofunika kwa mlendo wa ntchito ayenera kufunsidwa paokha, ndiponso molemba. Kodi mtengo umene watchulidwa ukuphatikiza chakudya cha m'mawa? Nanga msonkho wa VAT, umene unakwera kufika pa 15 peresenti mu April 2018, uli momwemo? Mahotela ambiri amawonjezeranso 1 peresenti yotukulira ntchito zokopa alendo. Ambiri amafuna khadi la kubanki ndipo amagwirako ndalama ya chikole mlendo akangofika, chinthu chimene chachititsa manyazi anthu amene anangonyamula ndalama zokwanira chipinda. Kwa Amalawi nkhaniyi inakula kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pakuti randi iliyonse inayamba kudya makwacha ochuluka. Afunsenso ngati hotelayo ili ndi jenereta ndi mathanki a madzi. Mu 2023 magetsi ankazima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse m'dziko lonselo, ndipo m'zaka zotsatira madera ena a Johannesburg anakhala masiku angapo mipopi ili youma. Safunsa anadya phula.

Pomaliza, atenge risiti yolemba dzina la gulu kapena la bungwe, masiku ndi mtengo wa chinthu chilichonse. Kusowa kwa kapepala kameneka kwapasula magulu amene anayamba bwino.

Ndalama ikutsala m'manja mwa yani?

Pali funso lina limene ogwira ntchito zachitukuko sayenera kulizemba. Kutsidya kwa msewu waukulu wa M1, moyang'anana ndi nyumba zitalizitali za Sandton, kuli Alexandra, komboni yakale yothithikana kumene kumachokera anthu ambiri oyeretsa, kuphika ndi kulondera m'dera la anthu olemeralo. Pa msonkhano waukulu wa dziko lonse wa chitukuko chokhazikika, umene unachitikira ku Sandton kuyambira pa 26 August mpaka pa 4 September 2002, anthu zikwizikwi, kuphatikizapo opanda minda, anayenda wapansi kuchokera ku Alexandra kupita ku malo a msonkhanowo kukakumbutsa nthumwi za anthu amene zinkawakambirana. Ku Alexandra komweko ndi kumene mu May 2008 kunayambira ziwawa zothamangitsa obwera, zimene zinapha anthu 62 ndi kubweza Amalawi ambiri kwawo chimanjamanja.

Munthu amene amalalikira malonda achilungamo kwa alimi a tiyi ndi khofi angathe kufunsa chilungamo chomwecho pa malo amene akugona. Bungwe la Fair Trade Tourism limapereka chiphaso kwa malo ogona amene amalipira antchito moyenera, kugula katundu kwa anthu a m'deralo ndi kusamala chilengedwe. M'madera a anthu akuda namonso munayamba kumangidwa malo apamwamba. Mu 2007 ku Kliptown, ku Soweto, kunatsegulidwa hotela ya nyenyezi zinayi pa Walter Sisulu Square, pamalo pamene chikalata cha Freedom Charter chinavomerezedwa pa 26 June 1955. Ku Soweto kulinso nyumba zogona alendo zoyendetsedwa ndi mabanja, kumene ndalama ya chipinda imakathera pa fizi ya ana ndi pa msika wapafupi.

Kugona pabwino si mlandu. Mayi amene wayenda pafupifupi masiku awiri pabasi, atasunga ndalama za anzake m'chikwama, ayenera chitseko chokiya, madzi otentha ndi tulo tamtendere. Koma amayi awiri aja akadzafika kumudzi, anzawo adzayala mphasa n'kumasula mitolo. Adzawerenga zitenje, adzayang'ana marisiti, ndipo pamenepo padzaoneka ngati hotela inatumikira ulendo kapena ngati inadya nsalu zimene gulu linkayembekezera.