Mauka akakana mankhwala, mayi ayezedwe asanapatsidwe ena

Pafupifupi amayi atatu mwa anayi aliwonse amadwalapo kamodzi pa moyo wawo matenda oyabwa kumaliseche oyamba ndi fangasi wotchedwa Candida, amene ambiri timangowatcha mauka. Kwa ochuluka nkhaniyi sichedwa kutha: amapatsidwa clotrimazole woika kunjira ya abambo kapena mbulu umodzi wa fluconazole, ndipo pakapita masiku ochepa kuyabwa kumaleka. Koma alipo amayi ena amene mankhwalawa sawaphulira kanthu. Kuyabwa kumangozizira sabata ziwiri kapena zitatu, kenako kumayambanso, chikazi choyera ngati chambiko n'kubwerera, kukodza n'kumawotcha, kukhala malo amodzi ndi bambo n'kusanduka ululu. Madokotala amati matendawa ndi obwerezabwereza akagwira munthu katatu kapena kanayi pa chaka chimodzi, ndipo kafukufuku wa David Denning ndi anzake, amene anatuluka mu 2018 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases, anawerengera kuti amayi pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse amavutika motere chaka chilichonse. Mayi wotereyu sayenera kuthamangira mbulu wina. Choyamba ayezedwe, adziwe chimene chikumudya.

Mawu akuti mauka amatchula zimene munthu akumva, satchula chimene chayambitsa. Kuyabwa ndi chikazi chachilendo kungabwere ndi Candida, kungabwere ndi kachilombo ka Trichomonas kamene anthu amapatsirana pogonana, kungabwerenso mabakiteriya a m'njira ya abambo akasokonekera, ndipo nthawi zina ndi khungu chabe limene lanyansidwa ndi sopo. Kwa amayi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire palinso likodzo, limene mazira ake akakhazikika m'ziwalo zoberekera amabweretsa zizindikiro zofanana ndi zimenezi. Ngakhale mayi amene anadwalapo kale amatha kusokoneza. Mu 2002 Daron Ferris ndi anzake ku America anayeza amayi 95 amene anali atangodzigulira okha mankhwala a fangasi, ndipo anapeza kuti mmodzi yekha mwa atatu aliwonse ndi amene anali ndi Candida popanda vuto lina. Choncho nthawi zambiri tikamati mankhwala akanika, zoona zake n'zakuti sanakumane n'komwe ndi matenda amene anapangidwira.

Pamene fangasi wapezekadi, funso lotsatira ndi lakuti ndi wamtundu wanji. Wofala kwambiri ndi Candida albicans, ndipo ameneyu kawirikawiri amagonja ku fluconazole, ngakhale kuti mwa amayi amene amwa mankhwalawa kwa nthawi yaitali mukupezeka wina amene wayamba kuwapirira. Candida glabrata samva msanga mankhwala a gulu limeneli, pamene Candida krusei chibadwire fluconazole samugwira. Mayi amene ali ndi krusei angamwe mibulu khumi, koma angotaya ndalama ndi nthawi. Bungwe la WHO linaika mitundu itatu yonseyi pa mndandanda wa mafangasi odetsa nkhawa umene linatulutsa mu 2022.

Ena anena kuti zoyezayeza n'za m'zipatala zolipira, poti m'zipatala zazing'ono zambiri odwala amathandizidwa potengera zizindikiro zokha. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo njira yothandiza potengera zizindikiro yapulumutsa anthu ambiri amene akanabwerera kwawo opanda mankhwala. Koma njirayi inakonzedwera munthu amene wabwera koyamba. Mayi akafika kachitatu ndi dandaulo lomwelo, kumubwerezera zomwezo kumawononga zambiri kuposa kumuyeza, makamaka ngati pa mankhwalawo pali maantibayotiki, chifukwa amenewa amapha mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus, fangasi n'kupeza malo. Kuyeza koyamba sikufuna makina odula: kapepala koyezera asidi wa m'chikazi ndi maikulosikopu, chida chomwe chija chimene ma labotale a zipatala amaonera malungo ndi TB, zimathandiza kale kusiyanitsa Candida ndi Trichomonas. Kudziwa mtundu wa fangasi kumafuna kumumeretsa mu labotale kwa masiku angapo, ndipo apa m'pamene kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu imagwira ntchito. Pa ulendo womwewo ayezedwe shuga ndi HIV, chifukwa shuga wosalamulirika ndi chitetezo chotsika zimadyetsa fangasi, ndipo aunikidwe khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri, ndipo chikazi chosatha, makamaka chonunkha kapena chosakanikirana ndi magazi, sichiyenera kungotchedwa mauka.

Chithandizo chilipo, koma chimafuna kuleza mtima. Ngati ndi albicans wobwerezabwereza, madokotala amayamba ndi kuzimitsa matendawo ndi fluconazole katatu motalikitsa masiku atatu, kenako mbulu umodzi wa mamiligalamu 150 sabata iliyonse kwa miyezi 6. Jack Sobel wa ku Wayne State University ku Detroit ndi anzake anaonetsa mu 2004 kuti amayi 9 mwa 10 aliwonse anakhala opanda matenda pa miyezi imene ankamwa mankhwalawo, koma patatha miyezi ina 6 atasiya, oposa theka anali atadwalanso. Izi ziyenera kunenedwa kwa wodwala mosabisa, kuti matenda akabwerera asaganize kuti analodzedwa kapena kuti adokotala anamunamiza. Pali nkhawa yoona yakuti kumwa fluconazole miyezi yambiri kungaphunzitse fangasi kupirira, ndipo kuno mankhwala omwewa timawadalira pochiza fangasi wa kummero ndi wa muubongo mwa anthu amene ali ndi HIV. Nkhawayi ikutiuza kuti miyezi 6 ija ipatsidwe kwa amene ayezedwa, osati kuti amayi azingopirira. Chimene chimaononga mankhwala kwambiri ndi kugula mbulu umodziumodzi ku famase nthawi iliyonse kukayabwa.

Ngati ndi glabrata kapena krusei, njira imasintha. Madokotala amagwiritsa ntchito nystatin woika kunjira ya abambo kwa masiku 14, kapena boric acid wa mamiligalamu 600 m'kapisozi woika komweko tsiku lililonse kwa sabata ziwiri kapena zitatu, amene amachiza pafupifupi amayi 7 mwa 10. Boric acid ndi poizoni akamezedwa, sayenera kukhala pofikira ana, saloledwa kwa mayi woyembekezera, ndipo ufa wophera mphemvu sungalowe m'malo mwa kapisozi wokonzedwa ndi katswiri wa mankhwala. Woyembekezera asamwenso fluconazole. Iye amapatsidwa mankhwala oika kwa masiku 7. Mankhwala atsopano, ibrexafungerp ndi oteseconazole, analoledwa ku America mu 2021 ndi 2022, koma ndi odula, ndipo oteseconazole saperekedwa kwa mayi amene angathe kutenga pakati.

Chimene chimapweteka kwambiri pa matendawa ndi manyazi ndi kulozana zala m'banja. Candida amakhala m'thupi la amayi ambiri athanzi osawavuta, ndipo kudwala nayo si umboni wakuti wina wayenda njira zachibwana. Bambo amapatsidwa mankhwala pokhapokha nayenso akuyabwa kapena watupa. Si matenda a uve ayi. Kutsuka mkati ndi sopo, kuikamo zitsamba kapena nsalu zoumitsa, ndi kupita kukadulitsa mauka ndi lezala kumangosupula khungu limene latupa kale ndi kutsegulira njira matenda ena, kuphatikizapo HIV. Dziwaninso kuti mafuta a mankhwala oika amafooketsa kondomu.

Amayi, ngati kuyabwa kwabwerera kachitatu chaka chino, tengani buku lanu la kuchipatala, muwafotokozere adokotala mankhwala onse amene mwamwa ndi amene mwaika, ndipo mupemphe kuti chikazi chiyezedwe musanalandire ena.